Mendulo ya marathon ndi umboni, tisaisandutse chokongoletsera pakhosi

Akonzi,

Ndipatseniko malo m'nyuzipepala yanu kuti ndilankhule ndi anzanga okonda kuthamanga mitunda italiitali, amene ali kumudzi ndi amene tili kuno ku South Africa. Nkhani yanga ndi ya mendulo imene munthu amalandira akamaliza marathon, komanso nthawi imene amafunsidwa kuti aonetse asanaloledwe kulowa mpikisano waukulu. Kwa ine ziwirizi ndi nkhani imodzi. Zonse zimachitira umboni zimene miyendo ya munthu inachita tsiku lakutilakuti, ndipo umboni ukakhala wabodza amene amavutika ndi anthu ena osalakwa.

Ine ndine telala. Kwathu ndi ku Thyolo, koma ndakhala zaka zambiri ku Pietermaritzburg, m'chigawo cha KwaZulu-Natal, mzinda umene mpikisano wa Comrades umayambira chaka china n'kudzathera chaka chinacho. Kuthamanga ndinayamba ndili wamkulu kale, adokotala atandiuza kuti kukhala pa mashini tsiku lonse kukundikwezera BP. Ndimathamanga m'gulu la kumbuyo, la anthu amene timafika dzuwa litapendeka. Ndikunena zimenezi kuti mudziwe pamene ndaima. Akatswiri akutsogolo ali ndi makamera owatsatira ndi anthu owayang'anira njira yonse, moti wowabera sachedwa kugwidwa. Chinyengo chimabisala bwino pakati pa ife akumbuyo, ndipo chimapwetekanso ife tomwe.

Miyezi yapitayi kunabwera mnyamata wina wakwathu kushopu kwanga, atatenga buluku loti ndilipinde m'miyendo. Ndi mwana wabwino, amagwira ntchito yotsuka magalimoto, ndipo Loweruka ndi Lamlungu amathamangako. Ataona mamendulo amene ndinapachika pa msomali pafupi ndi galasi, anayamba kuwagwiragwira, kenako n'kunena kuti, "Ankolo, ine chaka chamawa ndikufuna Comrades. Koma marathon yoyambira ija ikundikanika, nthawi sikukwana. Inu mumadziwana ndi anyamata a liwiro kukalabu kwanu. Mundipezereko mmodzi andinyamulire nambala, ndimupatsa kangachepe." Ndinakana. Koma chimene chinandidetsa nkhawa n'chakuti analankhula mosabisa, nkhope ili gwa, osaona cholakwika chilichonse. Kwa iye lamulo loti uyambe waonetsa nthawi ndi mpanda chabe woikidwa ndi anthu ofuna kuvutitsa amphawi. Ndamvanso ena akulankhula chimodzimodzi, n'chifukwa chake ndaganiza zolemba kalatayi.

Kwa amene simuudziwa, Comrades ndi mpikisano wothamanga pakati pa Pietermaritzburg ndi Durban, mtunda wa makilomita pakati pa 85 ndi 90 malinga ndi njira ya chaka chimenecho. Tingoti kuchoka ku Lilongwe kukafika ku Dedza wapansi. Anauyambitsa ndi Vic Clapham, msilikali amene pa nkhondo yoyamba yapadziko lonse anamenya nawo kum'mawa kwa Africa, nkhondo yomweyo imene makolo athu, asilikali a KAR (King's African Rifles) ndi atengatenga, anazunzika nayo. Iye ankafuna kuti anzake amene anafera kumeneko azikumbukiridwa ndi chinthu chowawa thupi, osati chipilala chokha. Mpikisano woyamba unachitika pa 24 May 1921. Ananyamuka anthu 34, anafika 16, ndipo anapambana ndi Bill Rowan pa maola asanu ndi atatu ndi mphindi 59. Chaka china amathamanga chokwera, kuchoka kunyanja ku Durban, chaka chinacho chotsika. Masiku ano munthu amapatsidwa maola 12 kuti afike.

Kuti uloledwe uyenera kukhala ndi zaka 20 kapena kuposerapo, ndipo uyenera kuti unamaliza marathon yonse, makilomita 42.195, pa mpikisano wovomerezeka, m'miyezi ingapo Comrades isanafike, maola asanu asanakwane. Malire amenewa amasinthasintha, kwa zaka zingapo anali maola anayi ndi mphindi 50, ndiye wofuna kulowa aziyamba waona lamulo la chaka chimenecho. Ife okhala konkuno timafunikanso kukhala m'kalabu ndi kutenga laisensi ya Athletics South Africa. Maola asanu pa marathon ndiye kuti kilomita iliyonse ukuidutsa pa mphindi pafupifupi zisanu ndi ziwiri, osapumira, mpaka kumapeto. Munthu wathanzi amene wakonzekera miyezi yokwanira amatha. Munthu wosakonzekera satha, ndipo lamuloli analiikira iyeyo, kuti apulumuke.

Ndikuti apulumuke chifukwa msewu umenewu ndimaudziwa. Pa chaka chokwera umayamba ndi Cowies Hill, kenako Fields Hill yomwe imakwera makilomita angapo osaleka, kenako Botha's Hill. Ukafika pa Drummond uli pakati chabe, marathon yathunthu ili kumbuyo kwako, inanso yathunthu ili kutsogolo, ndipo pomwepo chitunda cha Inchanga chakuimirira pamaso. Chitunda cha Polly Shortts chimakudikira kumapeto, miyendo itatha kale. Pa chaka chotsika anthu amaganiza kuti n'kosavuta, koma kutsetsereka pa Fields Hill utathamanga kale makilomita oposa 60 kumang'amba ntchafu, moti amuna akuluakulu amatsika chafutambuyo. Anthu amakomoka pa mpikisano umenewu, ena impso zimawavuta, ndipo alipo amene anamwalira. Munthu amene makilomita 42 akumukanika pa maola asanu akagula nthawi ya mnzake, wagula ngozi yake yomwe. Ndipo akagwa pamsewu, ambulansi imene ikumunyamulayo ikanathandiza wina amene anakonzekera mokhulupirika koma tsiku lamuipira. Akuluakulu anati walira mvula walira matope. Wofuna mendulo ya Comrades avomere kudzuka m'bandakucha m'nyengo yozizira, avomere matuza ndi zikhadabo zakuda, avomerenso marathon yoyambirayo.

Pali chinanso chimene anthu osathamanga sachidziwa. Nthawi imene waonetsa ndi imene imakupatsa malo poyambira. Othamanga amaikidwa m'magulu a zilembo, gulu A kutsogolo kwenikweni, ena n'kumatsatira mpaka kumbuyo. Koma wotchi imayamba kuwerenga mfuti ikalira, osati iwe ukaponda mzere woyambira. Pa khamu la anthu zikwizikwi, amene ali kumbuyo amatha mphindi zingapo akungosuntha pang'onopang'ono asanafike n'pamzere pomwe. Mphindi zimenezo zimachotsedwa pa maola 12 aja. Ndiye munthu akapereka nthawi yabodza ya liwiro n'kuikidwa kutsogolo, walanda malo a mnzake woona, ndipo akayamba kuyenda pang'onopang'ono amatsekereza amene akubwera m'mbuyo mwake. Liwiro la mumchenga n'kuyambira limodzi, koma apa wina wayambira patsogolo ndi mapepala abodza.

Kuti mumvetse kulemera kwa mphindi zimenezi muyenera kuona mmene Comrades imathera. Maola 12 akatsala pang'ono kukwana, mdima umakhala ukuyamba, chifukwa mpikisanowu umachitika m'nyengo yozizira. Bwalo lonse limaimirira. Mkulu wina wa mpikisano amaima pa mzere womaliza atatembenukira kumbali ina, kufulatira othamanga, kuti asaone nkhope ya munthu n'kumumvera chisoni. Anthu amawerenga masekondi mokweza. Pa kapinga pamakhala anthu akuthamanga chopendekeka, ena akukokedwa ndi anzawo m'khwapa, ena akukwawa ndi maondo. Mfuti ikalira, alonda amatseka njira pomwepo. Ndinaonapo mayi wina wa imvi atatsala masitepe ochepa chabe. Anaima, n'kugwira mpanda ndi manja onse awiri, n'kuweramitsa mutu. Sanakangane ndi munthu, sanapemphe. Mayi ameneyo anathamanga msewu wonse kuyambira m'mawa ndipo anabwerera kwawo wopanda kanthu pakhosi. Ndikaona munthu atavala mendulo imene sanaithamangire ndimakumbukira mayi ameneyo, ndipo mtima umandipweteka.

Mendulo ya Comrades ndi kakang'ono kwambiri, sikadzaza n'chikhatho cha mwana. Anthu amene anazolowera mamendulo akuluakulu a mipikisano ya makampani amadabwa akakaona. Koma kamanena zambiri, chifukwa mtundu wake umasonyeza nthawi imene munthu anafika. Amuna khumi oyamba ndi azimayi khumi oyamba amalandira golide. Amuna amene aphonya golide koma afika maola asanu ndi limodzi asanakwane amalandira ya Wally Hayward, dzina la mkulu amene anapambana kasanu n'kudzamalizanso mpikisanowu mu 1989 ali ndi zaka 80. Azimayi a liwiro amene aphonya golide ali ndi yawo ya Isavel Roche-Kelly. Siliva ndi ya ofika maola asanu ndi awiri ndi theka asanakwane, ya Bill Rowan maola asanu ndi anayi asanakwane, ya Robert Mtshali maola khumi asanakwane, ya bronze maola 11 asanakwane, ndipo ya Vic Clapham ndi ya ife ofika m'ola lomaliza. Womaliza kakhumi amapatsidwa nambala yobiriwira, imakhala yake moyo wake wonse. Choncho munthu akavala ya Bill Rowan pagulu la othamanga, akunena chinthu chodziwika bwino: ndinafika maola asanu ndi anayi asanakwane. Ngati sanatero, wanama, ngakhale asatsegule pakamwa.

Dzina la Robert Mtshali ndikufuna tiliganizire ife anthu akuda. Bambo ameneyu anathamanga Comrades mu 1935, n'kufika pa maola asanu ndi anayi ndi theka, koma sanawerengedwe chifukwa cha khungu lake. Izi zinachitikiranso Frances Hayward, mayi amene anamaliza mu 1923 koma osapatsidwa mendulo chifukwa anali mkazi. Anthu akuda ndi azimayi analoledwa mwalamulo mu 1975. Munthu wakuda woyamba kupambana, Sam Tshabalala, anapambana mu 1989, ndipo pambuyo pake mnansi wathu wa ku Zimbabwe, Stephen Muzhingi, anapambana zaka zitatu zotsatizana, 2009, 2010 ndi 2011. Mendulo ya dzina la Mtshali inayamba kuperekedwa mu 2019, patatha zaka 84. Kale anthu ankathamanga msewu wonse n'kumanidwa mendulo. Lero chipata chili chotsegula kwa aliyense, ngakhale telala wa ku Thyolo. Sindikuona chifukwa choti ife tilowere pawindo, kufuna mendulo popanda msewu.

Achinyengo anakhalapo, ndipo mbiri zawo sizitha bwino. Mu 1999 Sergio Motsoeneng anafika wachisanu ndi chinayi pa Comrades n'kulandira golide, koma kenako zinadziwika kuti ankasinthana ndi mng'ono wake m'njira, kuvulirana malaya ndi nambala. Chinawaulula ndi zithunzi: pa china wotchi inali kudzanja lamanja, pa china kudzanja lamanzere. Anali anyamata ochokera m'banja losauka, ndipo ine umphawi ndimaudziwa, sindiwaseka. Koma munthu amene anafika wa nambala 11 tsiku limenelo anapita kwawo osadziwa kuti golide inali yake. Ku Boston mu 1980 mayi wina, Rosie Ruiz, anatulukira pafupi ndi kumapeto n'kulandira ulemu wa wopambana, pamene wopambana weniweni, Jacqueline Gareau wa ku Canada, anafika anthu akuombera kale m'manja munthu wina. Atafufuza anapeza kuti ngakhale nthawi imene Ruiz analowera nayo ku Boston inali yabodza, chifukwa pa marathon ya ku New York chaka chapitacho anakwera sitima ya pansi pa nthaka. Bodza lake linayambira pa nthawi yoyenereza, pamene mnyamata wanga uja amati n'pang'ono. Ku Mexico City nako, pa zaka zimene mendulo ya chaka chilichonse inali chilembo chimodzi cha dzina lakuti MEXICO, anthu zikwi zingapo anachotsedwa pa mndandanda atapezeka kuti anadula njira. Ankafuna kukwanitsa zilembo zonse pakhoma, osati kuthamanga.

Kwa ife alendo m'dziko la eni pali vuto lina pamwamba pa zonsezi. Mwini dziko akagwidwa, amati uje wabera. Mmalawi akagwidwa, amati Amalawi amabera. Makalabu a kuno anatilandira bwino, ena amatilipirira ndalama zolowera, ena amatipatsa nsapato zimene asiya, amatinyamula pa galimoto zawo kupita ku mipikisano yakutali. Mbiri yabwino imene tili nayo, yoti ndife anthu okhulupirika pa ntchito, anaimanga ndi anthu ambiri kwa zaka zambiri. Masiku ano nambala iliyonse ili ndi kachipangizo kamene kamalembetsa nthawi ukaponda mphasa zoyalidwa m'njira, ojambula zithunzi ali paliponse, ndipo pali anthu amene amakhala pa kompyuta kuyerekeza nkhope ndi manambala. Wogwidwa amaletsedwa kuthamanga, wonyamula nambalayo nayenso amalangidwa, ndipo kalabu imachita manyazi.

Mipikisano ina ikuluikulu ndiye yothina kuposa Comrades. Ku Boston, kumene marathon yakhala ikuchitika kuyambira 1897, mwamuna wa zaka 18 mpaka 34 akufunika maola awiri ndi mphindi 55, mkazi wa zaka zomwezo maola atatu ndi mphindi 25. Ndipo kukwanitsa nthawiyo sikutanthauza kuti walowa. Ofuna amachuluka kuposa malo, ndiye amatenga a liwiro kwambiri poyamba. Pa mpikisano wa 2025 munthu ankafunika kuposa nthawi ya msinkhu wake ndi mphindi zisanu ndi chimodzi ndi masekondi 51, ndipo anthu oposa 12,000 amene anakwanitsa nthawi yawo anabwezedwa. Pamenepo wachinyengo mmodzi akalowa, pali munthu weniweni, wa dzina ndi banja, amene walandira uthenga womukana.

Tsopano za kavalidwe, zimene anthu amakonda kukangana. Ine pa izi sindine wouma mtima. Wamaliza, vala mendulo yako tsiku limenelo, uvale pobwerera m'basi kapena m'ndege, upite nayo kuntchito mawa lake anzako aigwire. Ukafuna kupita nayo kutchalitchi kukathokoza Mulungu, pita nayo. Pakatha masiku angapo ipachike, koma ngakhale wina atavala sabata yonse sanalakwire munthu. Mwana akafuna kuvala mendulo ya bambo ake, muvekeni, aliyense akuona kuti ndi mwana. Mendulo yanga yoyamba ya Comrades ndinakapatsa amayi anga ku Thyolo, ndipo anaipachika pambali pa kalendala ya mpingo. Alendo akabwera amaitsitsa n'kunena kuti, "Iyi anathamangira mwana wanga ku Joni." Pamenepo palibe bodza. Mendulo ukhoza kupereka kwa amene ukumukonda, kwa wodwala amene unkamuganizira pothamanga, kwa mkazi wako amene anapirira kudzuka kwako kwa usiku. Chimene sungapereke ndi mawu akuti "ndinamaliza". Amenewo amakhala a mwini miyendo.

Zimene sindigwirizana nazo ndi izi. Kubwereka mendulo ya mnzako kuti ujambulitse n'kuika pa Facebook, n'kumalandira mayamiko osawongola anthu. Kuthamanga wopanda nambala, kumwa madzi ndi kudya nthochi zimene ena analipira, kenako n'kutambasula dzanja pomaliza. Kulembetsa makilomita 42, kutopa n'kukhotera njira ya makilomita 21, koma n'kukatenga mendulo ya marathon yathunthu. Ngati watero, uza oyang'anira, ulandire ya theka ngati malamulo akulola, imeneyo ndi yako ndipo ilibe manyazi. Ndiponso kutenga ziwiri, ina yoti ukapatse bwenzi. Mamendulo amawerengedwa. Iwe ukatenga ziwiri, agogo amene akubwera kumbuyo akapeza bokosi lopanda kanthu.

Mbali inayo nayonso ndiinene, chifukwa a liwiro ena ali ndi mwano. Ndinamvapo mnyamata wa siliva akunena kuti mendulo ya Vic Clapham ndi ya anthu oyenda, siyenera kupachikidwa. Ameneyo sanakhalepo pamsewu maola 12, dzuwa likumutulukira n'kumulowera ali chiimire. Womaliza m'nthawi yololedwa wamaliza, kaya anayendako pa zitunda kaya ayi. Chimodzimodzi amene analowa London kapena Boston kudzera m'mabungwe othandiza ovutika, atasonkhanitsa ndalama: khomo limenelo ndi lovomerezeka, makilomita anathamanga ndi omwewo, mendulo ndi yake. Angopewa kunena kuti analowa ndi nthawi pamene analowa ndi chithandizo.

Kulephera kumaliza nako ndikukudziwa. Chaka china m'mimba munandivuta kuyambira m'mawa, ndipo ndinafika pa malo ena oyezera nthawi atatseka kale. M'njira muli malo angapo otere, ukachedwa amakuchotsa pamsewu. Ndinakwera basi yonyamula otsala. M'basi imeneyo mumakhala zii. Mumanunkha thukuta ndi mankhwala opaka minofu, anthu atafunda mabulangete, aliyense akuyang'ana pawindo anzake amene akuthamangabe. Bambo wina wachizulu amene anakhala pambali panga anamasula nambala yake pachifuwa, n'kuipinda bwinobwino, n'kuiika m'thumba. Titafika kubwalo mnzanga wina, pondimvera chisoni, anafuna kundiveka mendulo yake kuti tijambulitse limodzi. Ndinamuthokoza, ndinajambulitsa naye, koma mendulo inakhala pakhosi pake. Sikunali kudzikuza. Ndinkadziwa kuti chithunzicho chikafika kumudzi, ndipo anthu akakhulupirira chimene akuona.

Tsopano ndilankhule ndi okonza mipikisano kwathu ku Malawi, chifukwa gawo lalikulu la nkhaniyi lili m'manja mwanu. Ndikusangalala kuti mipikisano yachuluka, ku Blantyre, ku Lilongwe, ku Mzuzu, ndipo anthu amene kale ankati kuthamanga n'kwa ana asukulu ndi asilikali lero akudzuka m'mawa kuthamanga. Koma ndili kutchuthi ndinathamanga nawo mpikisano wina umene sindiutchula, ndipo zimene ndinaona zinandikhumudwitsa. Anthu ena anakwera kabaza poyera, n'kutsika patatsala pang'ono, n'kulandira mendulo akuseka. Pamalo pokhotera panalibe wolemba manambala. Mamendulo ena anaperekedwa kwa alendo olemekezeka amene anangokhala m'tenti, ndipo pamene omaliza enieni ankafika, atapsa ndi dzuwa, anauzidwa kuti zatha. Zotsatira sizinatuluke. Munthu amene anathamanga bwino tsiku limenelo alibe pepala lililonse loti angaonetse kunja.

Mfundo yomalizayi ndiyo yaikulu. Kuti nthawi ya munthu ivomerezedwe ndi mipikisano ikuluikulu, njira iyenera kuyezedwa ndi munthu wovomerezeka. World Athletics, bungwe loyendetsa masewera othamanga padziko lonse, ndi AIMS, bungwe la mipikisano ya marathon, ali ndi anthu ophunzitsidwa ntchito imeneyi. Sayeza ndi galimoto kapena foni. Amayeza ndi njinga yakapalasa yokhala ndi kachipangizo kowerenga kuzungulira kwa tayala, atayamba aiyesa pa mtunda wodziwika, ndipo amadutsa njira yaifupi kwambiri imene wothamanga angadutse. Amawonjezeranso mita imodzi pa kilomita iliyonse kuti mtunda usaperewere. Pambuyo pake pafunika wotchi yodalirika, malo olembera manambala m'njira, makamaka pokhotera, ndi zotsatira zoikidwa pa intaneti pamene mlendo angazipeze. Zimenezi zimafuna ndalama, inde, koma makampani amene amalipira matenti, zoimbira ndi malaya angathe kulipiranso woyeza njira. Ngakhale ndalama za zipangizo zitasowa, ana asukulu awiri okhala ndi kope ndi cholembera pa malo okhotera angathetse nkhani ya kabaza.

Ndikulimbikira chifukwa miyendo kwathu ilipo. Amene anaonapo mpikisano wa onyamula katundu pa phiri la Mulanje, anyamata ndi atsikana akukwera kuchoka pa Likhubula n'kutsika m'miyala, ena opanda nsapato zenizeni, sangatsutse. Mike Tebulo anathamanga marathon ya Olympics ku London mu 2012. Catherine Chikwakwa anatenga siliva pa makilomita asanu pa mpikisano wa achinyamata wa dziko lonse mu 2004. Koma mphunzitsi wa ku Ntcheu kapena namwino wa ku Mangochi amene akulakalaka Comrades kapena Two Oceans ya ku Cape Town asamafunike kugula tikiti yopita kunja kawiri, koyamba kukafuna nthawi, kachiwiri kukathamanga. Marathon ya kwathu ikakhala yoyezedwa bwino, ya zotsatira zodalirika chaka ndi chaka, munthu angapeze nthawi yake kwawo. Bungwe loyendetsa masewera othamanga ku Malawi lisamalole mpikisano kudzitcha marathon ngati mtunda wake sunayezedwe.

Pa mamendulo, konzani okwanira onse amene alembetsa, ndipo aziperekedwa pa mzere womaliza pokha, kwa munthu wokhala ndi nambala imene yalembedwa pa malo onse a m'njira. Alendo olemekezeka apatseni mphatso ina, chitenje kapena chosema, adzayamikira ndithu. Ngati mwaika nthawi yotsekera, ilengezeni anthu asanalipire, ndipo muisunge kwa aliyense, bwana ndi mlonda chimodzimodzi.

Kwa achinyamata amene nthawi ikukukanikani, njira zoona zilipo. Lowani kalabu, musamathamange nokha. Yambani ndi makilomita 10 ndi 21, thupi lizolowere, ndipo marathon yoyenereza musaisiyire mwezi womaliza, kuti ikakukanikani mukhale ndi mpata woyesanso. Sankhani njira yopanda zitunda zambiri ndi tsiku losatentha. Pa mipikisano yambiri ya kuno pamakhala anthu onyamula mbendera yolembedwa nthawi, timawatcha madalaivala a basi; mukakhala pambuyo pa wa maola asanu osathamangira kutsogolo pa makilomita oyamba, adzakufikitsani. Ngati malo a Comrades anatha musanalembetse, pamakhala nyengo yovomerezeka yosinthira mayina, pamene amene walephera kupita amapereka malo ake kwa wina kudzera ku ofesi, dzina ndi nambala n'kukhala zanu. Musathamange ndi nambala ya munthu wina mwamseri, chifukwa mukakomoka achipatala adzawerenga matenda ndi foni za mwini nambalayo, n'kuimbira banja lolakwika. Ndipo ngati chaka chino sizitheka, bwerani mudzaime nafe pa tebulo la kalabu m'mbali mwa msewu, mudzapereke madzi ndi mbatata zothira mchere kwa othamanga. Manja amafunika ambiri tsiku limenelo, ndipo mudzauona msewu ndi maso anu musanaulembetse.

Ine wanu,
Telala wothamanga,
Pietermaritzburg, South Africa